TIMITENGO TA ULA KU CHINA: WONAMA NDANI, NSUNGWI KAPENA MTIMA?

MUNTHU wofika pa kacisi wa Wong Tai Sin mu mzinda wa Hong Kong, maso ace asanazolowere utsi wa lubani, ayamba wamva phokoso. Phokosolo lifanana ndi la amai ambiri opeta mpunga m'malicero pa nthawi imodzi. Koma si mpunga ai. Ndi anthu ogwada pabwalo patsogolo pa guwa, ali yense atagwira ndi manja awiri cikho cacitali ca nsungwi codzaza ndi timitengo, nacigwedeza mopendeketsa kufikira kamtengo kamodzi katatumpha ndi kugwera pansi.

Anthuwa ali kuombeza ula. Ena afunsa za malonda, ena za matenda a kholo, ena za mayeso a mwana kusukulu. Koma pakati pao sipalephera kukhala mnyamata kapena mtsikana amene wabwera ndi funso lakale ngati dziko lomwe: Kodi uja andikonda? Kodi adzabweranso? Kodi ndimdikire, kapena ndiyang'ane kwina?

Mwambo umenewu anthu a ku Hong Kong aucha kau cim, ndipo m'cinenero cacikulu ca ku China uchedwa qiuqian, ndiko kunena kupempha kamtengo. Unali utakhazikika kale pa nthawi ya mafumu a Song, amene analamulira kuyambira mu 960 kufikira mu 1279, ndipo unaoloka nyanja kukafika ku Japan kumene uchedwa omikuji. Anthu akhala ali kutsutsana kwa zaka mazana ngati timitengoti tinena zoona kapena iai. Koma pa nkhani ya cikondi pali cina coposa mtsutso umenewo. Munthu wogwidwa ndi cikondi safika pa kacisi ndi mtima wopanda kanthu. Afika yankho liri kale mumtima, ndipo cimene afuna kweni-kweni ndi mboni yombvomereza.

MAYENDEDWE ACE A ULA

Timitengoti ndi ta nsungwi, topyapyala ndi tophwatalala, ndipo kali konse kali ndi nambala yace. M'akacisi ambiri tikhala 100, mwina 60, ndipo pa kacisi wa Che Kung ku Sha Tin, m'dera lomwelo la Hong Kong, tiripo 96. Wofunsa ayamba wayatsa lubani, agwada, nachula motsitsa mau dzina lace, tsiku limene anabadwa ndi kumene akhala, ndipo pomariza anena funso lace. Mwambo uti funso limodzi, kamtengo kamodzi. Tikagwa tiwiri kapena titatu pamodzi, atibweza m'cikho nayambanso.

M'akacisi ambiri, maka-maka a ku Taiwan, kamtengo kakagwa nchito siinathe. Wofunsa atola zibenthu ziwiri za mtengo zochedwa jiaobei, zooneka ngati mwezi wokhala kumene, mbali yina yosalala, yina yotumphuka. Aziponya pansi kuti adziwe ngati kamtengo kagwako ndi kace. Cina cikagwa cagada cina cafufumimba, ndiye kuti mulungu wabvomera. Zonse ziwiri zikagwa cafufumimba, wakana. Zonse ziwiri zikagwa cagada n'kumagwedezeka, anthu ati mulungu ali kuseka, kapena cifukwa funso silinamveke, kapena cifukwa wofunsayo adziwa kale yankho lace. Akacisi ena afuna kuti kubvomerako kucitike katatu motsatizana.

Nambala ya kamtengo itsogolera munthu ku kapepala kosindikizidwa. Pa kapepalapo pakhala ndakatulo ya mizere inai, dzina la nkhani ina ya m'mbiri yakale, ndi cizindikiro coonetsa ngati kamtengoko ndi kokoma, kapakati kapena koipa. Kawiri-kawiri pakhalanso mau acidule onena za ukwati, cuma, matenda, milandu, wapaulendo ndi cinthu cotayika. Popeza cinenero ca ndakatulozi ndi cakale ndiponso cokuluwika, ambiri apita nako kapepalako kwa omasulira. Pa kacisi wa Wong Tai Sin, amene anamangidwa pamalo pamene ali mu 1921 ndipo ayang'aniridwa ndi bungwe la Sik Sik Yuen, pali tizipinda toposa 100 ta omasulira, ndipo nchito yao ndi yolipiritsa.

NKHALAMBA YA PANSI PA MWEZI

Ofunsa za cikondi ali ndi mulungu wao wa pa yekha, dzina lace Yue Lao, ndiko kuti Nkhalamba ya Pansi pa Mwezi. Nthano yace inalembedwa ndi Li Fuyan pa nthawi ya mafumu a Tang, amene analamulira kuyambira mu 618 kufikira mu 907. Isimba za mnyamata wamasiye, Wei Gu, amene anali kufuna-funa mkazi osampeza. Ali paulendo mu mzinda wa Songcheng, anakomana ndi nkhalamba itatsamira thumba, iri kuwerenga buku pa kuwala kwa mwezi. Bukulo linali la maukwati a anthu onse a pa dziko. M'thumbamo munali zingwe zofiira zomangira mapazi a mwamuna ndi mkazi amene adzakwatirana, ndipo nkhalambayo inati omangidwa cotero sangathawane, ngakhale mabanja ao akhale pa udani, ngakhale wina akhale kutsidya kwa nyanja.

Wei Gu atafunsa za mkazi wace, nkhalamba inapita naye kumsika nimuonetsa kamwana ka zaka zitatu m'manja mwa mai wosauka wa diso limodzi, wogulitsa ndiwo zamasamba. Mnyamatayo anapsa mtima poona umphawi wao, natuma wanchito wace kuti akaphe kamwanako. Mpeni unaphonya nungokalasa pakati pa nsidze. Patapita zaka 14, Wei Gu anapatsidwa mkazi wokongola wa m'nyumba ya nduna ina yaikulu, amene sanali kucotsa kaduwa kokometsera pamphumi pace ngakhale posamba. Atamfunsa, mkaziyo anaulula cipsera cace nasimba za mlezi wace wogulitsa ndiwo ndi za munthu wa mpeni kumsika. Wei Gu anabvomera cimo lace, ndipo nthanoyo iti anakhala mokondana moyo wao wonse.

Kucokera m'nthano imeneyi mudabadwa mwambo wa ulusi wofiira. Pa kacisi wa Xia-Hai mu mzinda wa Taipei, amene anamangidwa mu 1859, pali fano laling'ono la Yue Lao lotalika masentimita 43, limene linaikidwa mu 1971. Acinyamata abwera ndi maswiti, napempha, natenga ulusi wofiira n'kumayenda nao m'cikwama. Amene apeza banja abwerera ndi makeke a ukwati kudzathokoza.

Nthano ya Wei Gu isimbidwa pofuna kutonthoza osakwatira, kuti wao alipo kwina kwace. Koma iri ndi mbali yina imene osimba aidumpha. Mwamuna wa m'nthanomo anafuna kupha, ndipo cingwe sicinaduke. Munthu amene akhulupirira kuti anamangidwa kale kwa uje angathe kupirira kunamizidwa, kunyozedwa ngakhale kumenyedwa, nati palibe cocita, cingwe ndi cingwe.

KATUNDU WA KUSANKHA

Kale ku China mnyamata ndi mtsikana sanali kudzifunsira okha za ukwati. Makolo ndi mkhalapakati wa maukwati ndiwo anali kukambirana, napita kwa woombeza ndi caka, mwezi, tsiku ndi ora lobadwira la awiriwo kuti aone ngati ziyenerana. Lamulo la ukwati la pa 1 May, 1950 linaletsa maukwati okakamiza m'dziko la China, ndipo ku Hong Kong lamulo lothetsa mitala linayamba kugwira nchito mu October, 1971. Ufulu unabwera, koma unabwera ndi katundu wace. Tsopano wosankha ndi mwini wace, ndipo akalakwa alibe womloza cala.

Katunduyu walemera m'zaka zaposacedwa. Mu 2007 mau akuti shengnu, otanthauza mkazi wotsalira, analowa m'ndandanda wa boma wa mau atsopano, ndipo anayamba kunenedwa kwa akazi ophunzira opitirira zaka 27 amene sanakwatiwe. Maukwati olembetsedwa ku China anatsika kucokera pa oposa 13 miliyoni mu 2013 kufika pa 6.1 miliyoni mu 2024. Pa nyengo ya Caka Catsopano ca Acina, pamene ana abwerera kwa makolo, funso la acibale likhala lomwelo: nanga ukwati liti? Ndi pa nyengo yomweyo pamene akacisi adzaza koposa. Munthu wopanikizidwa cotere sacedwa kuona madzi pamene pali mcenga wong'anima. Ndipo cikho ca nsungwi, ngakhale ciribe cifuniro cace, cimpatsa njira zitatu zodzinamizira.

NJIRA YOYAMBA: KUBWEREZA

Timitengo toipa ndi tocepa. Pa timitengo 96 ta pa kacisi wa Che Kung, 35 ndi tokoma, 44 tapakati, ndipo toipa ndi 17 cabe. Ndiye kuti mwa anthu asanu ogwedeza, anai atuluka ndi kamtengo kosaopsa. Amene wapeza koipa akagwedezanso, mwai wace ukula ndithu: mwa anthu 100 ogwedeza kawiri, atatu okha ndiwo angapeze koipa kawiri konse. Zibenthu zija nazo ziri cimodzi-modzi. Pa kuponya kuli konse mwai wa kubvomera uli ngati theka, ndipo kubvomera katatu motsatizana kucitika pafupi-fupi kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu. Wolimbikira sapita kwao wopanda yankho limene afuna.

Eni mwambo anacidziwa kale cimeneci. Buku lao lakale la maula lochedwa Yijing liwerengera kubwereza-bwereza funso ngati cipongwe cosayenera kuyankhidwa. Koma mtima wa wokonda uli ndi nzeru zace. Mtsikana amene wafunsa ngati bwenzi lace lidzamkwatira, napeza kamtengo koipa, sanena kuti wabwereza. Angosintha mau pang'ono: kodi amandiganizira? Likakanika limenelo: kodi adzasintha caka camawa? Likakanikanso, ati kacisi uyu si wa za cikondi, napita kwa wina. Pa kamtengo kacinai kapena kacisanu apeza kokoma, ndipo kapepala kameneko ndiko kalowa m'cikwama. Tina tija taiwalika asanafike pa citeshi ca sitima.

NJIRA YACIWIRI: KUMASULIRA

Ngakhale wogwedeza kamodzi kokha sanapulumuke, pakuti ndakatulo ya pa kapepala inalembedwera munthu ali yense, wamalonda ndi wodwala yemwe. Ilankhula za mitambo yophimba mwezi, za bwato loyembekezera mphepo, za mtengo wouma wophukanso. Sichula dzina la munthu. Wowerenga ndiye aikamo nkhope.

Mwa nkhani zakale zimene zipezeka pa timapepalati muli ya Su Wu, kazembe wa mafumu a Han. Anatumidwa kwa mtundu wa Xiongnu caka ca 100 Yesu asanabadwe, nagwidwa, nakana kupandukira mfumu yace, ndipo anamtaya ku cipululu cozizira ca kumpoto kukaweta nkhosa. Anakhala zaka 19, nabwerera kwao tsitsi liri mbuu, nalandiridwa ndi ulemu waukulu. Mtsikana amene bwenzi lace linapita kunja n'kuleka kulemba akalandira nkhani imeneyi, aona cinthu cimodzi: wopirira apambana, wopita abwerera. Koma mbiri yomweyo inena kuti Su Wu ali ku ukapolo anauzidwa kuti mkazi wace wakwatiwa ndi wina, ndipo iye mwini anabala mwana mwa mkazi wa konko. Kapepala kamodzi kangathe kunena kuti dikira, kangathenso kunena kuti odikirana aja sanapezanenso. Wosankha pakati pa ziwirizi si nsungwi.

Khalidwe limeneli si la anthu a ku China okha. Mu 1948 mphunzitsi wina wa za maganizo a anthu ku America, Bertram Forer, anauza ophunzira ace 39 kuti adzalembera ali yense kufotokoza kwa khalidwe lace. Onse anawapatsa mau amodzi-modzi, ambiri a iwo otengedwa m'kabuku ka openda nyenyezi. Atawafunsa kuti ayese kulondola kwa mauwo pa muyeso wofika pa 5, onse pamodzi anapereka pafupi-fupi 4.3. Ali yense anadziona yekha m'mau olembedwera gulu lonse. Ngati zitero ndi wophunzira wokhala phee m'kalasi, nanga kuli bwanji ndi munthu amene sanagone masiku atatu kudikira uthenga pa lamya?

NJIRA YACITATU: KUIWALA

Pa tsiku laciwiri la Caka Catsopano ca Acina, munthu wochuka agwedeza cikho pa kacisi wa Che Kung m'malo mwa mzinda wonse wa Hong Kong. Mu 2003 nduna ya boma, Patrick Ho, inagwetsa kamtengo nambala 83, koipa. Caka comweco matenda a SARS anapha anthu 299 mu mzindawo. Kuyambira caka cotsatira boma linaleka kutumako nduna, ndipo nchitoyo inatsala m'manja mwa mkulu wa bungwe la midzi lochedwa Heung Yee Kuk. Kamtengo ka mu 2003 kakumbukika mpaka lero. Koma timitengo tapakati ta zaka zina zambiri, timene sitinafanane ndi ciri conse, tocepa ndito tikumbukika.

Ndi mmenenso ziyendera ndi makeke a ukwati a pa kacisi wa Xia-Hai. Obwera nao aoneka ndi maso, ndipo alimbitsa mtima wa ofika kumene. Koma amene anatenga ulusi osapeza munthu sabwera kudzanena. Amene anakwatirana n'kulekana patapita zaka ziwiri sabwera kudzatenga makeke ao. Wokonda acitanso cimodzi-modzi ndi bwenzi lace. Akumbukira tsiku limodzi limene anamgulira mphatso, naiwala masabata khumi amene sanayankhe lamya.

MTENGO WACE WA KUDZINAMIZA

Mu 1979 mai wina wophunzira za maganizo, Dorothy Tennov, anatulutsa buku lochedwa Love and Limerence atafunsa anthu mazana angapo za cikondi cao. Anapeza kuti pali mtundu wina wa kutengeka mtima umene cakudya cace ndi cikaiko. Wogwidwa nao aganizira munthu mmodzi usana ndi usiku, napeza ciyembekezo m'tinthu topanda tanthauzo, monga moni wamba kapena kumwetulira kwa panjira. Zopinga zikaculuka, kutengekako kukulira-kulira. Munthu wotere kamtengo kapakati kamkwanira, pakuti mau akuti nthawi siinakwane iye awamva ngati lonjezo.

Ndipo alipo anthu amene adya za kutengeka kotere. Mu October, 2024 apolisi a ku Hong Kong anagwira anthu 27 a gulu limene linabera amuna a m'maiko osiyana-siyana a ku Asia ndalama zokwana madola a ku Hong Kong 360 miliyoni. Akubawo anali kupanga zibwenzi pa intaneti, ndipo polankhulana pa vidiyo anali kugwiritsa nchito kompyuta kubvala nkhope za akazi okongola amene kunalibe. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe kamtengo kamene kangauze munthu kuti nkhope ya pa lamya ndi yopanga. Cimene cingamuuze ndi kuumirira kuonana maso ndi maso, ndi kukana kutumiza ndalama kwa munthu amene sanamgwirepo dzanja.

Sikuti kuona wokondedwa mokometsa n'koipa konse ai. Mu 1996 akatswiri atatu, Sandra Murray, John Holmes ndi Dale Griffin, anafufuza mabanja ndi zibwenzi napeza kuti amene aona mnzao ali wabwino kuposa mmene mwini wace adzionera, ndiwo akhala okondwa kwambiri. Koma pali kusiyana. Anthu amenewo anali kukometsa munthu amene ali naye, amene adziwa ukali wace, ulesi wace ndi ngongole zace. Kumeneko ndi kukhululuka. Kudzinamiza ndi kukometsa munthu amene palibe, kapena amene waonetsa kale ndi macitidwe ace kuti safuna.

CIMENE NSUNGWI INGATHE

Kunena kuti ofika pa kacisi onse ndi opusa kungakhale kulakwa. Mwambowu uli ndi zace zothandiza zimene ngakhale wosakhulupirira angazione. Ukakamiza munthu kugwada, kukhala cete, ndi kuika m'mau amodzi cimene cakhala cikumzunguza mutu miyezi yambiri. Ambiri amva funso lao likutuluka pakamwa pao kwa nthawi yoyamba pamenepo. Ndipo pa kamphindi kamene kamtengo kali kutumpha, munthu adziwa bwino lomwe cimene ali kulaka-laka ndi cimene ali kuopa.

Womasulira wanzeru naye ali ngati nkhoswe ya kanthawi. Asanamasulire afunsa: munadziwana liti? Kodi makolo ace akudziwani? Kodi anakupemphani ndalama? Mafunso otere mai wace wa mtsikana kapena mnzace wa pamtima anawafunsa kale, koma sanamveke cifukwa anacokera kwa anthu a m'nyumba. Kwa mlendo wokhala m'kacipinda ka pa kacisi amveka. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale wolipiritsa. Koma womasulira wa dyera adziwanso kuti wopita ali wokondwa ndiye abweranso, ndipo wosweka mtima ndiye agula zithumwa.

Cotero nsungwi siinama, pakuti siidziwa kanthu. Igwetsa nambala, ndipo zotsalazo acita ndi munthu. Anthu akale amene anasema zibenthu zija anasiya malo a yankho lacitatu, la mulungu woseka, kaamba ka iye wofunsa cimene acidziwa kale. Mtsikana amene wayenda akacisi atatu kufunsa ngati mnyamata amkonda, kawiri-kawiri sanamfunse mnyamatayo, cifukwa nsungwi ikakana aigwedezanso, koma munthu akakana wakana. Komabe funsolo mwini wace ndi mnyamata uja, ndipo yankho lace lipezeka pa tebulo la tiyi, pamaso pa makolo, m'masiku amene abwera ndi m'masiku amene sabwera. Akulu anati safunsa anadya phula. Wofunsa kolakwika naye alidya ndithu, ndipo alidya ali ndi kapepala kokoma m'cikwama.